Kamsomali ka mu nsapato ya mkazi wanga

Aphungu,

Ndine wokonza nsapato, zaka makumi awiri pa ntchitoyi, koma nsapato yomwe yandichititsa manyazi ndi ya m'nyumba mwanga momwe. Mkazi wanga ali ndi matenda a shuga. Soli ya nsapato yake itamatuka, anakhala akundikumbutsa kwa milungu itatu. Ine n'kumangoti mawa, mawa, poti za makasitomala zinali zitaunjikana pabenchi. Tsiku lomwe ndinaigwira ndinali pachangu. M'malo mosoka ndi ulusi, ndinangokhoma timisomali, osapisamo dzanja n'komwe, chinthu chomwe kwa kasitomala sindiiwala.

Kamsomali kamodzi kanatulukira mkati. Anayenda nako sabata yathunthu osamva kanthu, mpaka tinaona magazi pasokosi. Ine ndinati, "Aka n'kabala kachabe, mayi, kapola." Sikanapole. Kuchipatala anati magazi sakufika bwino kumapazi, ndipo mwezi watha anamudula chala chachikulu.

Sanandikalipirepo. Anangoti, "Bambo, zachitika basi." Mawu amenewo akundipweteka kuposa kutukwanidwa. Tsopano akuti phazi linalo limazizira, ndipo akayenda pang'ono mwendo umapweteka mpaka aime. Mtima wanga suli m'malo. Kodi ndiziliviika m'madzi otentha?

D.M., wa pabenchi ya nsapato

Bambo D.M.,

Munalakwitsa, sindikunamizani. Koma kamsomali sikanachite zonse kokha. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amawononga mitsempha: ya magazi imachepa njira, ndipo ina yomwe timamvera ululu imachita dzanzi. N'chifukwa chake mayiwo sanamve kubaya, ndipo bala linakana kupola.

Phazi lozizira ndi mwendo wopweteka poyenda si zodikira tsiku lomwe anakulemberani kuchipatala. Pitani nawo sabata ino akapimidwe kayendedwe ka magazi. Madzi otentha ayi, mbaulanso ayi, angapse osadziwa. Tsiku lililonse yang'anani mapaziwo, kunsi ndi pakati pa zala. Madzi osambitsira muziyamba mwawayesa ndi chigongono chanu, ndipo muzipukuta mpaka paume. Asamaponde pansi osavala nsapato, zikang'a musazisepe ndi lezala, mankhwala asadumphitse. Ngati mumasuta, fodya atuluke m'nyumbamo.

Kabala, thuza kapena khungu likasintha mtundu, n'kuchipatala tsiku lomwelo. Mawu oti "kapola" asatulukenso pakamwa panu.

Chala chija sichibwerera, bambo. Zatsala zisanu ndi zinayi. M'mawa uliwonse, musanakhudze nsapato ya kasitomala, muziyamba mwapisa dzanja mu ya akazi anu.