Mzere wa Ambuye

Unit L, Seke
14 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo yanu yachepako kuwawa. Kuno ubatizo wa mdzukulu wanu Nokutenda unachitika, koma pali zimene ndawononga.

Mawu amene munatumiza pa foni aja, moni kwa asewere anu ndi pemphero, ndinafuna akhale papepala, Chichewa kumanzere, Chishona kumanja, kuti abale a mkazi wanga Tabitha amve nawo. Ndinabwereka kompyuta kwa neba. Ndimalemba mzere wanu, kenako ndimakankha wa Chishona ndi batani lalitali lija losiyira mpata mpaka ufike kumanja. Kunyumba zimaoneka bwino.

Kosindikizira ku Zengeza 3, mtsikana wa pamenepo atatsegula zolembazo pa kompyuta yake anaseka. Anati, "Mukoma," ndiko kuti achimwene, "mwalima munda wonsewu ndi batani limodzi? Ndikuikireni m'mabokosi awiri, mzere uliwonse ukhale ndi mnzake." Kumbuyo kwanga kunali anthu. Ndinati ndikudziwa zimene ndikuchita, asindikize momwemo.

Mbali ya Chishona inatsetsereka, inatsika. Ndinaziona ndili mu kombi, minibasi ya kuno, ndinangopinda mapepalawo.

Pamene munati, "Ambuye, mwanayu ndi wanu, mumulere," moyang'anana napo panagwera dzina la apongozi anga, Mai Tinashe, lochokera pa moni uja. Ndiye kuno mukudziwa, ambuya ndi agogo kapena apongozi. Iwo anawerenga ndi chala, kuchoka kumanzere mpaka pa dzina lawo, n'kuyamba kulira. Anaimirira pamaso pa anthu, anati sanaonepo ulemu wotere, agogo a ku Malawi kuwapatsa mwana. Anandigwira dzanja. Anati, "Mukwasha," ndiko kuti mkamwini, "ndi zoona?"

Amayi, ndinati inde.

Akuti mwana waleka kale kuyamwa, ndiye Loweruka amutenga kupita naye kumudzi kwawo ku Murehwa. Agula kale bulangete ndi tinsapato. Kumeneko chipatala chili kutali, ndipo chifuwa cha mwanayu chija chimabwerera kukazizira. Tabitha akuti amayi ake sangawachititse manyazi iyeyo, wolemba pepala ndiye akalankhule. Ndafika pageti pa apongoziwo ku Unit D kumene amakhala, ndinangofunsa za madzi n'kubwerera.

Chonde aimbireni Loweruka lisanafike. Muwauze kuti mumanena Ambuye wa kumwamba. Mulankhule pang'onopang'ono, Chichewa amamva pang'ono. Musatchule za kompyuta, mungoti mwana wanu ndiye anasokoneza. Pa Khirisimasi tidzapita naye tokha ku Murehwa kukacheza.

Mupereke moni kwa amalume a Hezekiah, koma nkhaniyi musawauze. Tabitha sanapereke moni, sakundilankhula. Asewere anu ndiwo apereka wambiri, akuti akutumizirani mtedza. Nokutenda wayamba kunditchula baba. Ndimafuna ndimuphunzitse kunena kuti atate, ndimati nthawi ilipo.

Ndine mwana wanu,
Zebedee