Mukathyole Ndodo Pamaso pa Mfumu

Linga la Penafreda,
kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti lifike tsiku la Mikaeli Woyera.

Achimwene Jaufre,

Landirani moni, poti ndi chinthu chokhacho chimene sichinathe m'linga muno. Muli bwanji kumudziko? Phewa lija munagwera pa kavalo linapola, kapena mukunamizirabe kuti silipweteka? Nanga amayi, miyendo ikuwalola kufika kutchalitchi? Ine ndili moyo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa kalata ino ndikulembera pa guwa, ndipo paguwa sanamapo.

Za imfa ya amuna anga, alamu anu a Aimeric, munamva kale. Chimene simunamve n'chakuti muvi uja utawabaya pakhoma, asanatsirizike, anandimangirira makiyi a linga m'chiuno ndi manja awo, asilikali onse akuona. Kuyambira tsiku limenelo mwini chipata ndine. Ankhondo a mng'ono wa mfumu, uja akulimbirana mpando ndi mkulu wakeyu, atizinga kuyambira pa Pasaka. Wowatsogolera ndi Gaucelm, msilikali wa pakavalo wa ndevu zofiira, amene mwina munagundanapo naye ku masewera a mikondo. Misasa yawo yadzaza dambo lonse, moti ngakhale galu sangatuluke muno osaonedwa.

Tirigu anatha kalekale. Tinadya mbuzi, tinadya abulu, ndipo sabata yatha tinadya kavalo wa malemu, uja ankadya maapozi m'manja mwanga. Nyama yake ngati chikopa cha nsapato! Chitsime chatsika mpaka tachita kulumikiza chingwe ndi malamba, ndipo chidebe chimabwera theka madzi theka matope. Guirauda, mayi wathu wophika buledi, akusakaniza ufa wa nyemba ndi utuchi, ati tizidya titatsinzina. Mukudziwa mmene ndinkakondera kuyenda m'minda. Lero dziko langa lonse ndi kuchokera pachipata kufika kukhoma lakumbuyo. Ndimayenda, ndimatembenuka, ndimayendanso, ngati nkhuku ya m'chitete.

Ana atatu a antchito atamwalira ndi m'mimba, ndinatsika kukalankhula ndi Gaucelm pa mlatho. Tinapangana monga mwa mwambo. Iye aleka kutigenda miyala kwa masiku makumi anayi, ine nditumiza mthenga kwa mfumu. Mbendera ya mfumu ikaoneka padambo pa tsiku la Mikaeli Woyera dzuwa lisanafike pamutu, ndiye kuti ndamasuka ku lumbiro, amenyane okhaokha. Ikapanda kuoneka, nditsegula chipata, anthu anga atuluka amoyo ndi zimene angathe kusenza. Tonse awiri tinalumbira titagwira Buku Loyera.

Koma mukudziwa kuti pangano lotere silikhala lopanda chikole. A Pons, mkulu wa asilikali athu, a diso limodzi aja, anadzipereka okha. Gaucelm anaseka mpaka kugwirira kavalo, ati ndani angasunge lumbiro chifukwa cha nkhalamba imene ngakhale akhwangwala angaikane? Ati iye akufuna munthu amene mwini makiyi sangagone naye tulo. Anatchula Mabila.

Achimwene, ndinamupereka. Mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinamuwolotsa mlatho ndi dzanja langali. Musanditukwane, ndadzitukwana kale kokwanira. Ndinkati mfumu ibwera. Kodi sindinaone ndi maso angawa a Aimeric atagwada, manja awo ali m'manja mwa mfumu, mfumuyo ikuwapsompsona n'kulonjeza kuti pa tsiku la tsoka sidzawasiya? Ndinkayesa lumbiro limamanga mbali zonse ziwiri. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Lamulungu lililonse, Misa ikatha, amamubweretsa kunsi kwa khoma kuti ndimuone. Amakhala atavala chofunda chabuluu chija anamulukira agogo ake. Sakumuzunza ayi, masaya achita kudzaza kuposa a aliyense muno. Amakuwa kuti amayi, kuno kuli tchizi! Ati ndizimusamalira mphaka wake, ine n'kumangogwedeza mutu, chonsecho mphakayo tinadya kale. Koma pambali pa malo amene amamuimika, akalipentala anazika mitengo iwiri n'kupingasa wachitatu pamwamba. Mwanayo akuyesa ndi katungwe wosamaliza. Wandifunsa kuti amangapo liti chingwe.

Lamulungu lapitali Gaucelm anavula chisoti n'kundikuwira kuti mayi Garsenda, nanenso kwathu ndili ndi ana aakazi awiri, chonde musandichititse chimene ndinalumbira kuchita mukaphwanya pangano. Sindikumuyesa wabodza. Anthu a mtundu wake ndimawadziwa, ndinakwatiwa ndi mmodzi. Adzalira, koma adzachita.

Dzana mthenga wabwerako, wansembe wathu, bambo Isarn. Ndi iwo akupatsireni kalata ino, poti wansembe samutsekera njira. Abwera ndi chikalata cha chidindo chachikulu ngati mbale. Mfumu sibwera. Ati ili kalikiliki ndi linga lina lofunika kuposa lathuli. Ati lumbiro lochita ndi oukira si lumbiro, choncho chipata chisatsegulidwe mpaka chisanu chitawathamangitsa. Za Mabila yalemba mzere umodzi wokha, ati ndikadali wamng'ono, nkhondo ikatha idzandipezera mwamuna, ndidzabereka wina. Ngati kuti ndataya nkhuku! Kumapeto ikuti ndikatsegula ndine woukira, ine ndi onse a magazi anga, ndipo yatchula Fontcalva ndi dzina. Nyumba yanu, achimwene. Minda ya mpesa, chigayo, ndi chipinda chimene amayi amati adzaferamo.

Bambo Isarn anawerenga chikalatacho masana, aliyense akumva. Kenako a Pons anadzuka n'kutambasula dzanja, ati mayi, mfumu ndi mfumu, bweretsani makiyi, ine ndinalumbira kwa iyo tsitsi langa likadali lakuda. Ndinawauza kuti makiyi ali mkati mwa chovala changa, ngati ndi mwamuna abwere adzatenge okha. Guirauda anadzaima pambali panga ndi chithabwa chake chophulira buledi, amvekere inu a Pons, diso latsalalo mukulifunabe? Amayi ena onse anabwera kudzaunjikana kumbuyo kwathu, wina ndi mpeni, wina ndi mtsuko. Asilikali anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

M'mawa mwake a Pons anandipeza pachitsime, nkhope itagwa. Ati Mabila anamuphunzitsa okha kukwera kavalo, sangapirire kuona mwanayo akulendewera. Komanso ati sangaime pachipata n'kumaonerera chikutseguka, lumbiro lawo lili pakhosi. Ndiye andipempha kuti tsikulo ndidzawatsekere m'chipinda chosungira vinyo, kuti podzafunsidwa adzanene zoona kuti anagwidwa ndi akazi. Ndinawakumbutsa kuti vinyo anatha. Ati chilango chake ndi chimenecho. Tinaseka, kenako tinalira tonse, osachita manyazi.

Choncho ndikuuzani poyera, nditsegula. Dzuwa likadzafika pamutu, mbendera osaoneka, ndidzamasula makiyi m'chiunomu ndi kutsegula ndekha, kuti mlandu usadzagwere wina. Mantha ndili nawo, achimwene. Kuno wanditsekera Gaucelm, ndikatuluka inditsekera mfumu. Ine ndi Mabila tidzawoloka phiri kupita kwa masisitere a kutsidya, amene sapereka mkazi wothawira kwa iwo. Kumeneko nakonso ndi makoma okhaokha, koma mwana adzakhala akupuma. Kwathu sindidzapondakonso.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikukudziwani, pofika apa mwaimirira kale, mukukuwa kuti akumangireni kavalo. Khalani pansi! Muli ndi apakavalo asanu ndi mmodzi, Gaucelm ali ndi mazana. Ndiponso pangano linati mbendera ya mfumu, osati ya Fontcalva. Mukabwera muphwanya pangano, mudzafa, Mabila adzanyongedwa, ndipo amayi adzatsala ndi ndani? Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Bambo Isarn afika kwanu m'masiku anayi. Kuchokera kwanu kukafika kumene kuli mfumu ndi masiku atatu. Musagone, mukafike mbiri yanga isanafike. Mukaime pabwalo pamaso pa mfumu ndi akuluakulu ake, mukakweze ndodo pamwamba pa mutu, mukaithyole panayi monga mwa mwambo wa makolo, n'kuponya zidutswazo kumbali zinayi. Mukanene mokweza kuti Garsenda si mlongo wanu, magazi ake si anu, cholowa chake simudzadya, mlandu wake simudzasenza. Wothyola ndodo mlandu usanachitike, ngakhale mfumu singamulande kanthu. Mukathyola mochedwa, ndodoyo ndi nkhuni chabe.

Mukukumbukira tsiku lija atate anatitengera kubwalo tili ana, munthu wina akuthyolera ndodo mkulu wake? Ine ndinalira. Inu munalavula pansi, ati munthu wokana magazi ake ndi galu, bola kufa. Ndinakunyadirani tsiku limenelo. Lero ndine ndikukupemphani kuti mukakhale galuyo, chifukwa cha amayi ndi ana anu. Ndikudziwa kuti kufera pa mlatho uno kukanakupepukirani. N'chifukwa chake ndikukupemphani chovutachi.

Mawu asakanjenjemere, akuluakulu aja ali ndi makutu. Mfumu ikakufunsani chifukwa, mukanene kuti mwamva kuti ndikuzengereza kumvera, ndipo mukundidziwa kuti ndine wamakani chibadwire. Pamenepo simunama. Mukafuna, mukawonjezere kuti ndinakugwetseranipo m'dziwe la chigayo, mboni zilipo.

Ndodoyo mukadule ku mtengo wa maapozi uja atate anabzala ine nditabadwa, kuseri kwa chigayo. Anthu akabalalika pabwalo, mukatole kachidutswa kamodzi mwakachetechete, mukakasunge pansi pa bokosi la amayi. Mafumu amafa. Tsiku lina pachipata panu padzafika mtsikana wa chipumi chonga chanu, adzafunsa ngati pakhomopo patsala kanthu ka mayi ake. Mudzamupatse kachidutswako, ndipo mudzamuuze amene anakutumani kukathyola.

Amayi musawawerengere zonsezi. Mungowauza kuti chofunda chija Mabila chikumukwanabe, ndi kuti ndimawakumbuka nthawi zonse belu likalira. Moni kwa alamu anga a Brunissen, muwauze andikhululukire kuti ndawabweretsera mantha pakhomo. Moni kwa ana anu onse, makamaka kamwana kaja kanabadwa ine nditachoka, kamene sindidzakaona. Moni kwa azakhali, asaleke kunditukwana m'mapemphero awo, Mulungu anawazolowera. Bambo Isarn muwadyetse bwino, koma pang'onopang'ono, mimba yawo inaiwala ntchito.

Pa tsiku la Mikaeli Woyera, dzuwa likafika pamutu, kulikonse mungakhale, muime pang'ono. Musatchule dzina langa, ine ndidzadziwa.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu, kufikira ndodo itathyoka,
Garsenda