Amayi Amve kwa Ine za Jasper

Partick, Glasgow
21 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Anastasia,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Muli bwanji ku Zombako? Nanga bondo la Amayi lija lasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti ndili ndi chimfine. Lachiwiri tinaima pamvula tsiku lonse tikujambula kanema wotsatsa chakudya cha agalu, galu wake n'kukana kudya. Tinabwereza kakhumi ndi kanayi, mpaka mwini galuyo anabisa nyama ya nkhuku pansi pa mbale.

Nkhani yabwino nayi. Sewero loseketsa lija ndakhala ndikulemba zaka zitatu, la mayi wa ku Malawi wosamalira okalamba kuno, a wayilesi ya kanema alivomera. Likhala ndi magawo asanu ndi limodzi, ndipo wotsogolera kujambula ndine. Foni yake inandipeza m'basi. Ndinalira mpaka gogo wina wachizungu anandipatsa switi, poganiza kuti ndaferedwa.

Koma paja walira mvula walira matope. Mlungu watha kunabwera mtolankhani kudzacheza nane za seweroli. Ataona Jasper, mwamuna amene ndimakhala naye uja, akutithirira tiyi, anafunsa kuti ndi ndani. Ndikanatha kunena kuti timangothandizana lendi, monga Amayi amadziwira. Koma nditayang'ana munthu amene wawerenga tsamba lililonse la seweroli, amene anagona pampando m'chipatala masiku anayi atandichita opaleshoni, bodza linakana kutuluka. Ndinati ndi wokondedwa wanga, ndipo takhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhaniyo ituluka m'nyuzipepala pa 2 Novembala, ndi chithunzi chathu chomwe.

Dzulo ndinapita ku Gorbals, konkuno ku Glasgow, kukawauza ndekha azakhali a Theresa atatuluka m'tchalitchi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati zimenezi iwo sakuzimvetsa, koma ndine mwana wa malemu achimwene awo, ndipo pakhomo pawo sadzanditsekera. Anandichenjeza kuti azimayi anzawo a kutchalitchi akangoona chithunzicho, chifika ku Zomba pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Potsanzikana anandikulungira mandasi oti ndikamupatse Jasper, akuti mzunguyo ndi woonda kwambiri.

Pempho langa n'limodzi. Lamlungu likubwerali, mukaweruka kutchalitchi, pitani kwa Amayi mukakhale nawo pakhonde. Ndiimba 3 koloko ya kwanuko. Musawauze kanthu, ndinena ndekha. Inu mungokhala pafupi n'kuwagwira dzanja. Sindikufuna kuti amve za mwana wawo kwa anthu odzawapepesa ngati pagwa maliro. Akadula foni musawakakamize. Ndidzaimbanso Lamlungu linalo, ndi linalonso.

Mantha ndili nawo, achemwali. Ndimadziwa kuuza osewera makumi awiri poti aime ndi choti anene, koma mawu oyamba oti ndiwauze Amayi sindinawapezebe. Inu mwandisungira nkhani yoti ndimakonda amuna anzanga kuyambira ndili kusekondale, osandinyoza ngakhale tsiku limodzi. Ndisenzeniko kamodzi kokhaka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Michael, kwa amalume ku Chinamwali, ndi kwa ana, Chiyamiko ndi Tusekelege. Jasper akupereka moni kwa inu. Moni wa Amayi akuti ausunga kaye, mpaka tsiku limene adzalole kuulandira.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Dunstan