Wonditchula agogo ndi mlendo

Lachiwiri, mwezi wa Julayi. Tsiku lowawa, ndipo si mwendo wokha.

M'mawa ndinapita kuchipatala kukatsukitsa bala lija. Kwabwera namwino watsopano, mtsikana wa ku Japani, Chichewa chake n'chapatalipatali. Pondikhazika pabenchi anandigwira mkono nati, "Pang'onopang'ono, ojiisan." Ndinafunsa a Mwale, omanga mabala, ngati mtsikanayo akunditukwana. Anaseka. "Ayi bambo, kwawoko ndiye kuti agogo aamuna."

Pobwerera, pamsika wa Liwaladzi ndinakumana ndi apongozi, mkazi wa mwana wanga Yohane, ali ndi kamdzukulu kanga. Chimutengereni Yohane apolisi chifukwa cha zimene analankhula pamowa, akwawo kwa apongoziwo anawaletsa kuponda pakhomo panga, akuti dzina lathu lingawapalamulitse. Mwanayo akuyenda tsopano, chipumi cha bambo ake chenicheni. Anandiyang'anitsitsa. Amayi ake anayamba acheuka kaye uku ndi uku, kenako anamukoka dzanja. "Apatse moni abambowa, tizipita."

Abambowa! Ine amene ndinam'patsa dzina mwanayo.

Sindine chitsiru. Ndisanatuluke m'chipatala muja ndinamumva namwinoyo akuitana m'dala wina wachifuwa ndi mawu omwewo. Ndi a nkhalamba iliyonse, si anga ndekha. Komabe njira yonse ndimangowabwereza chamumtima ngati mwana wa sukulu. Ojiisan, ojiisan.

Lachisanu ndipitanso kukasinthitsa bandeji. A Mwale akuti bala likupola bwino, posachedwa sindidzafunikanso kubwera. Ananena ngati akundiuza nkhani yabwino.