Amuna anga akuti ku Oman kulibe tchuthi cha Khirisimasi

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo, moti zovala ndapinda kale m'chikwama. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kachewere pamsewu pa Nsipe. Amuna anga, a Fanizo, ali ku Oman chaka chachiwiri tsopano, amayendetsa galimoto yogawa madzi.

Nkhani ndi ya chiliza cha apongozi anga aamuna. Malemuwo anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni, ndipo akuti ulendo wawo wobwera kumudzi unkakhala wa pa Khirisimasi, bulangete paphewa. Ndiye apongozi aakazi alamula kuti chiliza chivundukulidwe pa 26 Disembala, mwana wawo woyamba, a Fanizowo, ali pomwepo. Abale a ku Blantyre auzidwa kale, abusa avomera.

Nditawauza a Fanizo anati, "Kuno Khirisimasi ndi tsiku la ntchito ngati masiku onse. Uwauze amayi adikire Idi." Ndinafunsa kuti Idiyo ili pa chiyani. Anati, "Tsiku lenileni amalengeza akaona mwezi." Aphungu, munthu wamkulu, foni ili m'manja, n'kumadikira mwezi? Chaka china anati Idi ili mu Epulo, chaka chotsatira mu Malichi. Ndi tchuthi chanji chosamukasamuka ngati msika wa kaunjika? Atangofika kumene, asanayambe ntchito, ankandiimbira foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Pano amaimba Lachisanu, ine ndili yakaliyakali kuthamangira maminibasi ndi ndowa.

Alamu anga a Cosmas akungoti, "Walowa Chisilamu ameneyo, ndipo mitala kumeneko si nkhani." Apongozi anandiitana n'kundifunsa kuti, "Nanyoni, mwana wanga sanali wotere. Amene mumalankhula naye ndinu, mwamuuza chiyani?" Zinandiwawa kwambiri, chifukwa amene ndimawalimira ndi kuwaperekeza kuchipatala ndine.

Ndili ndi ukali womwewo ndinalembera a Fanizo kuti, "Mukapanda kubwera pa Khirisimasi, mudzandipeza kwathu ku Sharpevale." Iwo anangotumiza zithunzi ziwiri za kalendala ya kuntchito kwawo. Choyamba ndi cha Disembala, pa 25 palibe chofiira chilichonse. Chachiwiri ndi cha Meyi wa chaka chamawa, sabata ina aizunguliza ndi bolopeni. Kodi ndi ukwati wawo ndi mkazi winayo? Papita masiku anayi tisanalankhulane. Ndinyamuke, kapena nditani?

L. N., Nsipe, Ntcheu

Mayi L. N.,

Bwezerani kaye chikwamacho pamwamba pa kabati. Sindingalumbire kuti mwamuna aliyense wakutali ndi wokhulupirika, koma pa zonse mwalembazi sindinapezepo bodza la a Fanizo.

Ku Oman anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo maholide awo amatsata za kwawo. Lachisanu ndiye tsiku lopemphera ndi kupuma, Lamulungu anthu amakhala pantchito. N'chifukwa chake foni yanu imalira inu muli pamsewu. Munthuyo akukupatsani tsiku limene ali nalo. Eni dzikowo ali ndi tchuthi chokumbukira dziko lawo mu Novembala, koma ndi chachifupi, chosakwanira ulendo wa ku Ntcheu. Maholide aakulu ndi ma Idi awiri: ina ikatha nyengo yosala kudya, ina patapita miyezi iwiri ndi masiku pang'ono. Amawerengera poyang'ana mwezi, ndiye chaka chilichonse amabwerera m'mbuyo ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi. Ngati mukukayika, funsani Msilamu aliyense amene amaima kudzagula kachewere wanu.

Malemu apongozi anu ankabwera pa Khirisimasi chifukwa ku Joni Khirisimasi ndi tchuthi. Si kuti ankakonda banja lawo kuposa mwana wawoyu. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, ndipo wogwira ntchito kwa eni sadzilembera kalendala.

Lachisanu likubwerali musiyire mnzanu ndowa, muimbe ndinu. Muyambe ndi kubweza mawu a ku Sharpevale aja, osati kufunsa za mkazi amene a Cosmas akupangirani. A Cosmaswo anafikako liti ku Oman? Kenako muwapemphe a Fanizo kuti akapemphe tchuthi chawo chapachaka panopa, achilumikize ndi Idi, ndipo abwana avomere polemba. Tsiku la Idi likhoza kusuntha ndi limodzi, koma sabata yake imadziwika.

Chinanso, lekani kukhala mtenga pakati pa mayi ndi mwana wawo, mudzangopsa zala. Pitani ndi foniyo kwa apongozi, amve okha mawu a mwana wawo, ankhoswe ali pomwepo. Asankhe okha: chiliza pa Khirisimasi mwana woyamba palibe, kapena mu Meyi iye atagwira yekha nsalu yovundukula. Muwakumbutse mwaulemu kuti mu Meyi mvula imakhala itatha, chimanga chili m'nkhokwe, alendo sadzadya ataima m'matope.

Chenjezo langa ndi ili: musamaopseze munthu ndi chinthu chimene sangathe kusintha, chifukwa tsiku lina adzatopa n'kukuyankhani kuti pitani. Ndipo mayi, chithunzi cha Meyi chija mwachiwerenga molakwa. M'zaka zino Idi yachiwiri ikugwa cha mu Meyi momwemo. Sabata aizunguliza ndi bolopeniyo si ya mkazi wina. Ndi sabata imene amuna anu akuwerengera kuti adzatsika pa Nsipe, n'kukupezani inuyo pakhomo.

Aphungu