Chiliza cha Phulusa

Chipoka, Salima
Febuluwale 1998

Wokondedwa mng'ono wanga Pitala,

Ndikhulupirira uli bwino kusukulu ku Joniko. Kuno tadzuka, kupatula miyendo ya amayi ija. Mlamu wako Dorothy akupereka moni.

Nkhani ndi ya chiliza cha bambo, ndipo ndikulemba manyazi atandigwira.

Pa Khirisimasi unatifotokozera ntchito yako. Unati pa kompyuta umayesa kamangidwe kopanda simenti: phulusa, mankhwala amphamvu, ndi tiulusi ta kaboni tosaoneka ndi maso tolimbitsa zonsezo. Unachita kubwereza kuti zikadali m'kompyuta, palibe wamangirapo ngakhale khola la nkhuku. Ine mawu amenewo ndinawasiya pomwepo, n'kutola okoma okhaokha.

Abale atakumana kukambirana za chiliza, ndinaimirira n'kunena kuti bambo sangagone pansi pa simenti wamba ngati munthu wosaphunzitsa mwana. Amalume anati tikufunse kaye. Ndinawayankha kuti zonse ndinazimva ndi makutu angawa.

Phulusa ndinakatenga ku Chinguluwe, la mankhusu a mpunga. M'malo mwa mankhwala, Dorothy anatcheza chidulo chodzaza ndowa. Tiulusi tako tija ndinati ndi makala basi, tinasinja n'kusefa. Chiliza chinauma chakuda bii, chosalala. Tsiku lochionetsa ndinauza mpingo wonse kuti izi ndi nzeru za kompyuta ya Pitala.

Mvula ya sabata yatha yachisungunula ngati mchere. Dzina la bambo lapita ndi madzi, patsala matope.

Padoko asodzi akumandifunsa ngati kompyutayo inamvapo za dzinja. Akanamaseka ine ndekha bwenzi ndikupirira, koma akutchula iwe. Amayi ndiye sakudya bwino. Akuti bambo akana mphatso yako, ndiye kuti pali chimene unawalakwira asanatisiye.

Dzulo ndinagwada pamaso pa amayi n'kuwauza zonse. Anandisisita mutu, nati ndine mwana wabwino, ndikungokuikira kumbuyo monga mkulu.

Chiliza ndimanganso ndekha, cha simenti. Iwe chonde uwalembere amayi msanga, ndipo usandimvere chisoni. Uwauze kuti unachenjeza, koma mkulu wako anamva zake zokha. Mawu anga sakuwakhulupirira. Akudikira ako.

Mulungu akusunge. Upereke moni kwa msuweni wathu Binali ukamuona.

Ndine mkulu wako,
Mose