Mabowo Awiri pa Injini ya Amalume

Lachinayi, 15 Ogasiti 1996, Biwi

Mtima wanga sunakhazikike tsiku lonse. Loweruka amalume atitenga tonse pa galimoto yawo yakale kupita ku ukwati ku Rumphi, koma injini ikadali yomasula kwa a Phiri, amakaniko.

Nditapala dzimbiri pa buloko, thunthu la injiniyo, ndi kuwerenga nambala, ndinapeza kuti ndi ya mtundu woyambirira, umene buku lathu la kukoleji limati unasiyidwa msanga. Mabowo ake a madzi anakhala mosiyana ndi a mitundu yotsatira, ndipo gasiketi imene a Phiri agula, yoika pakati pa buloko ndi mutu wa injini, ikutseka awiri. Injiniyi idzatentha tisanamalize kukwera Chikangawa.

Ndinawaonetsa a Phiri. Iwo anaseka. "Achimwene, injini izi ndinayamba kuzimasula musanabadwe. Zonse n'chimodzimodzi."

Amalume anandikalipira pamaso pa anthu: "Tinakutumiza kusukulu kuti uzitsutsa akuluakulu?"

Ndinakhala chete, ndipo zimenezi zikundichititsa manyazi kuposa kukalipiridwako. Ulemu umene ungagoneke amayi anga pamsewu m'nkhalango sindikuufuna.

Pochoka ndinalowetsa gasiketiyo m'malaya. Ili pano, pansi pa matiresi. Mawa a Phiri akayamba kuifunafuna, ndidzaimirira n'kunena kuti ndaitenga ndine, ndipo agule yoyenera.